Nkhwangwa ya Mphepo

"Tengani mipeni, alamu," anatero woyendetsa takisi, atatsamira pakauntala ya butchala, makiyi akuzungulira kuchala. "Mipeni iwiri ija. Zina zonsezo n'zongokongoletsa."

Mafupa, mwini butchalayo, anapitiriza ntchito yake. Anakweza nkhwangwa n'kuitsitsa pafupa la ng'ombe, fupalo n'kugawanika ngati nzimbe. Kenako anamuyang'ana mlamu wakeyo ndi diso limodzi, mmene ankayang'anira nyama yobwera ndi munthu wosamudziwa.

"Nanga inuyo zikukukhudzani pati?"

"Ndinu mwamuna wa achemwali anga. Mukachita manyazi inu, manyaziwo amafika mpaka kwathu."

Mipeni imene ankanenayo sinali ya m'butchala ayi. Inali ya mugemu ya pafoni, gemu ya nkhondo imene inagwira amuna a mumsewu umenewo ngati chimfine. Aliyense anali ndi msilikali wake amene ankamulera kuyambira ali wosavala nsapato, n'kumamugawira mapointi: ena ku mphamvu, ena ku liwiro, ena ku khungu lolimba. Mafupa anali chimunthu choti polowa pakhomo ankachita kupendeka, mawondo akudandaula pansi. Mwina n'chifukwa chake mapointi ake onse anawathira ku liwiro. Msilikali wake anali kamunthu kowonda ngati mpini wa tsache, dzina lake Mphepo, ndipo pothamanga panalibe womugwira. Vuto linali limodzi: Mphepo ankafika pankhondo asanafike anzake, n'kufanso asanafe anzake.

Tsopano Mphepo anali atafika levulo yomaliza. Pamenepo wosula zitsulo wa mugemu amakuyalira zida zitatu, nkhwangwa, mkondo ndi mipeni iwiri, n'kukuuza kuti usankhe chimodzi. Ukadina, wadina. Chidacho chimakakamira msilikali wako mpaka kalekale. Ndipo Lamulungu lomwe linkabweralo gulu la Mafupa, la Njati, linali kukumana ndi gulu la Mavu. Mtsogoleri wa Njati, wometa tsitsi amene onse ankamutcha Kaputeni, anali atanena poyera: Mphepo akadzayambanso kufa, Mafupa atuluka m'gulu.

Ife amene tayenda m'mizinda ikuluikulu, amene tadyapo m'mahotela a magalasi komanso pansi pa malata, tikudziwa chinthu chimodzi: mwamuna angapirire kuchotsedwa ntchito, koma kuchotsedwa pabenchi ya anzake kumamudya m'mafupa. Mafupa ankadzuka m'mamawa, n'kutsekera madzulo. Benchi ya kwa Kaputeni ndiyo inali malo okhawo kumene ankaseka mpaka misozi.

"Ndimvereni," anapitiriza mlamu uja. "Mphepo wanu alibe mkono. Zonse munathira ku miyendo. Nkhwangwa imafuna mphamvu. Iye akamaikweza, mdani apita kukamwa tiyi n'kubwerako. Mkondo ndi wa munthu woima kumbuyo, ndipo inuyo kuima kumbuyo simutha. Koma mipeni imapepuka. Alowa, abaya, atuluka, munthu asanaphethire."

"Mwalankhula bwino," anatero Mafupa. "Mwalankhula bwino kwambiri. Ndikumbutseni, muli gulu liti inu?"

"La Mavu."

"Ehe. Ndipo Lamulungu tikumenyana ndi ndani?"

Mlamu anaseka. "Alamu, mutu wanuwo muzisunga mufiriji pamodzi ndi nyama. Ukutentha."

"Galu wamkota sakandira pachabe."

"Wakutsina khutu ndi mnansi," anayankha mkazi wa Mafupa, amene ankakulunga nyama ya kasitomala kumapeto kwa kauntala. Sanadzutse mutu n'komwe.

Mafupa anatembenuka pang'onopang'ono. Mkazi wake gemuyo sankaisewera. Nanga analowamo bwanji? Anakumbuka kuti dzulo lake anamupeza kuseri kwa firiji akulankhula pafoni motsitsa mawu, ndipo atamuona anati, "Chabwino achimwene, tilankhulanabe." Pamenepo sanaganizepo kanthu. Tsopano nkhani ija inabwerera itavala jekete lina.

Masana anasiya mkazi wake pakauntala n'kuwoloka msewu kupita kwa Kaputeni. Anakhala pampando wometera, mpandowo n'kulira.

"Timete chiyani pamenepa?" anafunsa Kaputeni, akuyang'ana mutu wosalala ngati dzira. "Kapena mwabwera kudzapukutitsa?"

"Ndevu. Komanso ndikufuna nzeru. Mphepo atenge chida chanji?"

"Mipeni," anatero Kaputeni osaganizira n'komwe, akupaka thovu. "Funso limenelo ngakhale mwana angayankhe."

Mafupa anakumbukira mlamu wake. Mawu omwewo, liwiro lomwelo. Maso ake anayendayenda pagalasi, ndipo pamsomali wa kukhoma anaona chipewa chofiira chimene ankachidziwa bwino.

"Chipewa icho si cha alamu anga?"

"Anachiiwala dzana. Amameta kuno, mukudziwa."

"Amameta, n'kumacheza."

"Munthu ndimumete ali chete ngati mtembo?"

"Nanga mphwanu uja, amene wakhala akupempha malo m'gulu, akadali kupempha?"

"Tsiku lililonse. Ali ndi msilikali wa uta, wabwino ndithu. Koma malo ndi anu, bola musafe moyamba." Kaputeni anagwira lumo. "Kwezani chibwano."

Mafupa anakweza chibwano, ndipo lumo likuyenda pakhosi pake, zonse zinagwirizana m'mutu mwake ngati nthiti. Akatenga chida cholakwika, Mavu apambana: mlamu wapindula. Akafa moyamba, malo atseguka: mphwake wa Kaputeni walowa. Nkhanga zinapangana kusanapse. Funso linali loti nkhani zake zinkatulukira pati. Pakamwa pa Kaputeni, kapena kuseri kwa firiji?

Mafupa anali ndi njira yake yodziwira pamene thumba labooka: umathiramo madzi n'kuona pamene akudontha. Kaputeni atamaliza kumupukuta, iye anamukoka malaya n'kumunong'oneza.

"Ndatenga kale. Mkondo. Koma izi n'zapakati pa inu ndi ine. Mavu asamve."

Kaputeni anakwinya nkhope. "Mkondo? Chabwino, mwini wake ndinu. Ndiye ndisintha kaimidwe. Mudzaima kumbuyo kwa wachishango, muzibaya muli pamenepo. Osathamangira kutsogolo."

"Osauza munthu."

"Pakamwa panga ndi pa manda."

Madzulo, akutsuka kauntala ndi mkazi wake, Mafupa anatsokomola n'kulankhula ngati akulankhula ndi chidebe.

"Ndaganiza. Mawa nditenga nkhwangwa."

Mkazi wake anasiya kupukuta. "Si paja achimwene anati mipeni?"

"Achimwene ako ndi Mavu. Ine ndi nkhwangwa tinadziwana kalekale. Imatidyetsa m'nyumba muno. Koma usauze munthu, wamva? Ngakhale wa mimba imodzi."

"Bambo a mwana, mwakhala sabata yonse osadya bwino chifukwa cha kamunthu ka mufoni."

"Kamunthu kameneko ndi ine."

Mkazi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwereranso. "Ndiye mwawonda," anatero, n'kupitiriza kupukuta.

Zoona zake zinali zoti Mafupa anali asanadine chilichonse. Zida zitatu zija zinali chiyalire pafoni pake. Anangotchera misampha iwiri n'kudikira kuti aone uti ufwamphuke. Mlamu akadzatchula mkondo, wobooka ndi Kaputeni. Akadzatchula nkhwangwa, wobooka ali m'nyumba.

Sanadikire nthawi yaitali. Loweruka masana, butchala ili yodzaza, takisi inaima panja mwadzidzidzi, matayala n'kukhula m'mphepete mwa msewu. Kumbuyo kunali mayi wina atanyamula katundu pamiyendo, akudabwa. Mlamu anatuluka osatseka chitseko, n'kulowa akupuma mwabefu.

"Alamu, mwadina kale?"

"Kudina chiyani?"

"Nkhwangwa. Musadine. Ndikukupemphani, musadine."

Mafupa anaika mpeni pansi. Anapukuta manja pa epuloni, chala chimodzichimodzi, akumwetulira ngati munthu amene wapeza khoswe mumsampha.

"Nkhwangwa," anabwereza. "Mwati nkhwangwa. Osati mkondo."

"Mkondo wa chiyani?"

"Kaputeni ndinamuuza mkondo. Nkhwangwa ndinauza munthu mmodzi yekha padziko lonse lapansi." Anatembenukira kwa mkazi wake. "Ndipo ndinati asauze ngakhale wa mimba imodzi."

Makasitomala onse anatembenukira kwa mkaziyo. Mkazi wa Mafupa anali atagwira pepala lokulungira, ndipo linakhala m'manja mwake choncho.

"Inde, ndinawauza," anatero. "Ndinawaimbira m'mawa uno. Ine za zida sindidziwa. Ndimangodziwa kuti mukachotsedwa pabenchi ija, muzikhala pakhonde ngati nkhuku yonyowa. Ndinati, achimwene, thandizani alamu anu, akudzigwetsera m'dzenje. Dzana ndinawapempha zomwezo." Anaima kaye. "Ndiye mukuti simunali kunena zoona? Munanditchera?"

"Ndinkafuna ndidziwe pamene pakudontha."

"Munanditchera ngati khoswe."

"Ndipo wakodwa."

Mlamu anagwira mutu. "Alamu, taganizani. Ndikanakhala kuti ndikufuna mugonje, bwenzi nditangokhala chete. Mukatenga nkhwangwa ife a Mavu tipambana tili m'tulo. Ndasiya munthu m'galimoto kuti ndidzakuletseni. Anzanga atamva akhoza kundithamangitsa."

Kwa kanthawi nkhope ya Mafupa inafewa. Mawuwo anali olemera. Koma munthu amene wayamba kukayika ali ngati wakumwa madzi a mchere: chilichonse chimene wamwa chimawonjezera ludzu. Mafupa anayang'ana thukuta pamphumi pa mlamu wake, anayang'ana takisi yosatseka chitseko ija, ndipo maso ake anachepanso.

"Mwasiya pasenjala," anatero pang'onopang'ono. "Inuyo, amene simusiya pasenjala ngakhale nyumba ikupsa. Mwathamanga chonchi. N'chiyani chakuthamangitsani, chikondi? Ayi. Mantha. Nkhwangwa mukuiopa."

"Ambuye wanga," anatero mlamu.

"Mukudziwa kuti liwiro la Mphepo likakumana ndi nkhwangwa, palibe Mavu amene angatsale."

"Liwirolo lidzathera pomwepo. Nkhwangwa imalemera. Werengani pansipo, alemba."

"Zolemba ndi zolemba. Ine ndakhala ndikugwira nkhwangwa inu musanaphunzire kuliza hutala."

Anatulutsa foni m'thumba la epuloni. Zida zitatu zija zinawala. Mkazi wake anati, "Bambo a mwana," mawu ake ali pansi. Mafupa anakweza foni kuti onse aone, n'kutsitsa chala chake chachikulu pankhwangwa. Gemu inafunsa ngati watsimikiza. Anadinanso. Panamveka kulira kwa nyundo pachitsulo, ndipo bodza la dzulo linasanduka zoona.

Mlamu anangopukusa mutu n'kubwerera kwa pasenjala wake. Mkazi anakulunga nyama ya munthu wotsatira. Tsiku lonselo sanalankhule ndi mwamuna wake, ndipo pofuna mpeni ankangoloza.

Lamulungu masana Kaputeni anatembenuza chikwangwani cha pakhomo n'kukokera mipando kukhoma. Njati anakhala pabenchi yawo, Mavu pabenchi ina yobwereka, mafoni ali m'manja, machaja atalumikizana pansi ngati mizu. Ndaonerapo mipira m'mabwalo odzaza anthu mpaka kudenga, koma bata lokhala m'chipinda chimene amuna akuluakulu akudikira kuti nkhondo ya pafoni iyambe, limenelo silipezeka kwina kulikonse.

Asilikali atatulukira pabwalo, Kaputeni anasuzumira pafoni pake n'kudzutsa mutu.

"Mafupa, icho n'chiyani?"

"Chida."

"Munandiuza mkondo."

"Ndinasintha maganizo."

"Ine ndakonza gulu lonse kuti muime kumbuyo kwa chishango. Nkhwangwa ifika bwanji kwa mdani muli kumbuyo? Mudzadula mnzanu yemwe."

"Ndiye ndipita kutsogolo."

Lipenga linalira. Mafupa anakankha chala, akuyembekeza kuti Mphepo auluke monga mwa masiku onse. Mphepo sanauluke. Ananyamuka mopendeka, nkhwangwa ikukwekwereka pansi kumbuyo kwake, ngati mwana amene watumidwa kukatenga khasu la abambo ake. Mafupa anakankha kwambiri, galasi la foni mpaka kuchita mafuta. Mphepo anapitirizabe kuyenda ngati mwini wake.

Pamlatho wapakati pa bwalo anakumana ndi msilikali wa mlamu, chimphona chonyamula chibonga. Chibongacho chikanangotsika kamodzi, Mphepo akanatha. Mafupa anadina kuti amenye. Nkhwangwa inayamba kukwera. Inakwera, inakwerabe. Chimphona chija chinaima n'kuiyang'ana, kenako chinapatuka pang'ono, nkhwangwa n'kugwera pamatabwa a mlatho. Mphepo anatsala atawerama, msana uli poyera.

Chimphona sichinamenye. Chinamulambalala n'kupitirira.

"Iwe, umenye," anakuwa mmodzi wa Mavu. "Wamusiyiranji?"

"Chala chinaterereka," anatero mlamu, maso ali pafoni.

"Chinaterereka n'kuzungulira munthu?"

Mafupa analibe nthawi yoganizira zimenezo. Mphepo anali akulimbana ndi kuzula nkhwangwa pamatabwa pamene muvi unachokera kutsidya n'kumulasa m'nthiti. Wachiwiri unamutsiriza. Foni ya Mafupa inachita mdima, ndipo pamwamba panalembedwa dzina la woyamba kugwa. Enawo anamenyana mpaka mapeto, koma Njati anali opereweka, kaimidwe kawo kali ndi bowo pamene pakanakhala mkondo. Mavu anapambana.

Kaputeni anaika foni pashelefu ya mafuta a tsitsi. Sanakalipe.

"Akuluakulu," anatero, "samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Koma uyu ndi woyamba amene ndamuona akudzisankhira yekha nkhwangwayo."

Chipinda chonse chinaseka, mabenchi onse awiri. Mafupa anayesa kuseka nawo koma sizinatheke.

"Kufa moyamba ndikanakukhululukirani, mwina," anapitiriza Kaputeni. "Koma za mkondo zija ine ndinazisunga. Ngakhale alamu anuwa atabwera kudzatenga chipewa sindinawauze. Inu munkandiyesa. Ndiye kuyambira mawa mphwanga akulowa. Ndevu muzibwerabe, ndizikumetani."

Mafupa anatuluka chopendeka. Powoloka msewu anamva kuseka kukupitirira kumbuyo kwake, kuseka kumene kale ankakutsogolera ndi iyeyo.

Lolemba m'mawa butchala inatsegulidwa mwakachetechete. Kasitomala woyamba anali nesi wochokera kuntchito, ndipo anafuna chiwindi, chodulidwa mopyapyala. Mafupa anachiika pathabwa. Dzanja lake linapita lokha pamene linazolowera, n'kutenga kampeni kowonda kamene kanatha ndi kunola. Kanalowa, kanatuluka, kanalowanso. Chiwindi chinagona m'magawo osalala ngati masamba a buku.

"Bwanji osatenga nkhwangwa?"

Anali mawu oyamba a mkazi wake chichokereni Loweruka. Ankapinda pepala, osamuyang'ana.

"Nkhwangwa pachiwindi? Chingaphwanyike."

"Koma paja nkhwangwa ndi imene imatidyetsa m'nyumba muno."

"Chida chimayendera nyama yake. Zimenezi ngakhale..." Mafupa analekeza. Anayang'ana kampeni kali m'manja mwake, n'kuyang'ana nkhwangwa itatsamira pachipika pakona. Nesi anatenga chiwindi chake n'kutuluka, osadziwa chifukwa chake bambo wamkulu chotero anaima ngati wagwidwa ndi magetsi.

Patapita kanthawi Mafupa anatsegula firiji n'kutulutsa nyama ya pamsana, yofewa ija imene ankasungira makasitomala a mahotela. Anaidula mosaumira, n'kuikulunga yekha, mapepala awiri.

"Ya ndani?" anafunsa mkazi wake.

"Ya alamu."

"Nanga ine khoswe ndilandira chiyani?"

Mafupa anayang'ana pansi. "Mayi a mwana, msampha uja unagwira mwini wake."

"Zimenezo ndaziona. Ndikufunsa za ine."

"Ndinalakwa. Sindidzakutcheranso."

Mkazi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamuwongolera kolala ya malaya imene inapindika pansi pa epuloni. "Pitani, takisi isanachoke pasiteji. Mphepo wina mukalera, achimwene akuthandizani. Ulendo uno mukawamvere."

Mafupa anavula epuloni n'kulowera kukhomo. Atafika pakhomo anaima, nsidze zikuyandikana.

"Koma pamlatho paja," anatero. "N'chifukwa chiyani sanandimenye? Mwina ankafuna kuti ndife ndi muvi wa munthu wamba, manyazi achuluke. Ukaiganizira bwino..."

Mkazi wake anatambasula dzanja. "Ndiye bweretsani nyamayo ndiibwezere mufiriji."

Mafupa anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana phukusi. Analifumbata pachifuwa ndi manja onse awiri, anapendeka, n'kutuluka.